Mmene madzi ndi chakudya zimayendera m'mbewu: malangizo kwa osamala maluwa ndi madimba ku Joni

Ambiri mwa ife Amalawi okhala ku Johannesburg timapeza ya sopo ndi ya lendi pogwira ntchito m'mayadi a anthu, ku Randburg, ku Sandton, ku Houghton, ku Fourways. Ena tili ndi kadimba kuseri kwa chipinda ku Cosmo City kapena ku Diepsloot, mpiru ndi tomato zili m'zigubu zodula pakati. Khasu tonse tinalidziwira kumudzi. Koma ndaona mbewu zambiri zikufa m'manja mwa anthu akhama, anthu olawirira, chifukwa palibe anawauzapo zimene zimachitika m'kati mwa tsinde. Mukadziwa kumene madzi amadutsa ndi kumene chakudya chimadutsa, kathiriridwe kanu kadzasintha, feteleza mudzasiya kumuwononga, ndipo weed-eater, makina aja otchetchera udzu ndi chingwe, mudzayamba kuigwira mwaulemu pafupi ndi mtengo.

Mbewu zonse zimene timasamala, kuyambira bonongwe mpaka mtengo wa jacaranda wa mumsewu, zili ndi mitsempha ya mitundu iwiri. Mtsempha woyamba ndi xylem. Umenewu umatenga madzi ndi michere ya m'nthaka kuchokera ku mizu kukafika ku masamba, ndipo ulendo wake ndi wokwera. Mu mtengo, thabwa lenilenilo ndiye xylem: timachubu takufa, tamphako, tolumikizana kuyambira pansi mpaka kunsonga. Wachiwiri ndi phloem. Uwu ndi wamoyo, ndi wopyapyala, ndipo mu mtengo uli m'kati mwa khungwa, pamalo paja timasendapo luzi. Ntchito yake ndi kunyamula shuga amene masamba apanga pogwiritsa ntchito dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, n'kukamutula kulikonse kumene akufunika: ku mizu, ku zipatso, ku mphukira. Choncho shuga amatha kutsika, amathanso kukwera.

Yambani ndi kudzionera nokha

Musanasinthe chilichonse pa ntchito yanu, chitani izi tsiku limodzi lotentha. M'mawa tengani jumbo yoonekera m'kati, ivekeni ku nthambi yamasamba ambiri imene ili padzuwa, mangani pakamwa ndi chingwe. Madzulo mukapita mudzapeza jumbo yachita thukuta, pansi pake padikha madzi. Simunathiremo kanthu. Madzi amenewo achoka m'nthaka, adutsa mu tsinde, atulukira m'masamba. Mukatero chotsani jumboyo kuti masamba asapse.

Chachiwiri n'chabwino kuchitira limodzi ndi ana. Dulani phesi la celery kapena tsamba la chayinizi lokhala ndi phesi lake loyera, liyikeni mu kapu ya madzi amene mwathiramo utoto wofiira wopakira makeke. Pakapita maola angapo mizere yofiira idzaoneka ikukwera mpaka m'tsamba. Dulani phesilo mopingasa ndi mpeni: simudzapeza kuti lonse lafiira, koma timadontho tofiira tokha. Timadontho timeneto ndi pakamwa pa xylem.

Nanga chimakweza madzi n'chiyani, popeza mtengo ulibe pampu? Masamba ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tambiri tili kunsi kwa tsamba. Masana timatseguka kuti mpweya ulowe, ndipo pomwepo madzi amathawa ngati nthunzi. Tinthu ting'onoting'ono ta madzi timagwirana kwambiri, kotero kuti dontho likauma m'tsamba, mzere wonse wa madzi umakokeka kuyambira ku mizu. Amene anafotokoza izi ndi Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin m'chaka cha 1894. Kukoka kumeneku n'kwamphamvu moti kumafikitsa madzi kunsonga kwa mitengo ya redwood ya ku California yotalika kupitirira mamita 100. Ndipo pa malita 100 alionse amene mbewu yamwa, opitirira 95 amangodutsa n'kutulukira m'masamba. Sikuti atayika pachabe: ndi amene amakweza michere ndi kuziziritsa tsamba.

Apa m'pamene Johannesburg amasiyana ndi ku Nkhotakota kapena ku Nsanje. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, dzuwa limabaya, mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kenako mpweya umauma gwa. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imayamwa masamba kuposa mmene ambiri timaganizira, ngakhale kunja kukuzizira.

Thirirani mizu, ndipo thirirani mozama

Musanatsegule mpopi, pisani chala m'nthaka mpaka chilowe chonse. Ngati pansi pali chinyontho, siyani. Ngati pauma, thirirani pang'onopang'ono mpaka madzi alowe masentimita 20 kapena 30 pa ndiwo zamasamba. Pakatha ola kumbani pambali ndi kakhasu muone pamene madzi afika. Mudzadabwa kuti kuwaza kwa mphindi zisanu kuja kumangonyowetsa pamwamba pokha. Mbewu yowazidwa tsiku ndi tsiku imasunga mizu yake pamwamba, ndipo tsiku limene madzi asiya kutuluka m'mipopi, monga zimachitikira kuno, imafota tsiku lomwelo.

Pa mtengo waukulu musaike payipi patsinde. Mizu ikuluikulu ya patsinde ndi yogwira mtengo kuti usagwe. Imene imamwa ndi timizu tosalala tokhala ndi ubweya, ndipo tambiri tili kutali, cha kumene nthambi zathera. Kumeneko ndi kumene muyale payipi.

Nthawi yake ndi m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Malamulo a mzinda wa Johannesburg amaletsa kuthirira dimba ndi madzi a mumpopi pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 31 Malichi. Kwa amene mumalowa ntchito 8 koloko, kambiranani ndi abwana kuti makina othirira awatchere m'bandakucha, kapena mugwiritse ntchito madzi a mvula a mu thanki.

Ndipo musamachite mantha ndi nkhwani wogona masana. Tsamba la dzungu ndi lalikulu, dzuwa likafika paliwombo limataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ingakwezere, ndiye limalendewera. Dikirani madzulo. Likadzuka lokha, nthaka ili bwino. Likagonabe mpaka m'mawa, apo ndiye thirirani.

Mukamaliza phimbirani nthaka ndi masamba ouma, udzu wouma kapena kompositi, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8. Masamba amene mumasesa mu Meyi n'kuwalongedza m'majumbo akuda aja ndi chuma, musawataye onse. Koma patsinde penipeni siyanipo mpata wa chikhatho, chifukwa khungwa likamakhala lonyowa nthawi zonse limaola.

Palinso kufota kwina kumene kumasocheretsa anthu: mbewu yafota koma dothi lili chinyowere. Mizu imapuma. Ikamira m'madzi kwa masiku imasowa mpweya, imayamba kuola, ndipo muzu wowola sumwa. Munthu akaona masamba agwa amawonjezera madzi, n'kuimaliza. Inu olima m'zigubu ndi m'ndowa za malita 20, boolani pansi mabowo angapo aakulu ngati chala, ikani ndowayo pa njerwa, ndipo musasiye madzi atadikha m'mbale yapansi. Mukakayikira, zulani imodzi muone: mizu yamoyo ndi yoyera ndi yolimba, yowola ndi yakuda, yoterera, ndipo imanunkha.

Powokera mbande, timizu taubweya tambiri timaduka. Choncho wokerani madzulo kapena kuli mitambo, nyamulani ndi dothi lake, thirirani nthawi yomweyo, ndipo ngati mbandeyo ili ndi masamba aakulu chotsanipo awiri apansi. Kamthunzi ka masiku awiri kapena atatu kamathandiza kwambiri.

Feteleza: pang'ono, panthaka yonyowa

Muzu sudya mibulu. Umangolandira michere imene yasungunuka m'madzi. Feteleza wothiridwa panthaka youma amangokhala, ndipo akachuluka amapha. Kumbukirani zimene zimachitika mukathira mchere pa kabichi woduladula: pakapita kanthawi m'mbale mwadzadza madzi. Feteleza wochuluka amachita chimodzimodzi ku mizu, amatulutsa madzi m'malo moti alowe. Ndiko kupsa kumene mumaona m'mphepete mwa masamba tsiku lotsatira.

Ndondomeko yake ndi iyi. Thirirani kaye dzulo lake. Yezani monga mwalembedwera pa thumba, osati ndi dzanja lodzadza. Mwazani motalikira ndi tsinde, kuyambira chikhatho chimodzi pa ndiwo, ndi cha kumathero a nthambi pa mtengo. Sakanizani pang'ono ndi dothi, thiriraninso. Kumudzi tinazolowera 23:21:0+4S ndi Urea. Kuno m'masitolo mudzapeza matumba olembedwa 2:3:2, 3:1:5 kapena LAN, amene ndi feteleza wa nayitrojeni. Manambala atatuwo akunena za nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu motsatana choncho. Wa 2:3:2 ndi wobzalira, LAN ndi wa masamba ndi kapinga, 3:1:5 ndi wa maluwa ndi zipatso. Mu Juni ndi Julayi, pamene kapinga wa kikuyu wagona ndi chisanu, kumuthira LAN ndi kutaya ndalama za abwana.

Masamba akayamba chikasu, musathamangire kusitolo, yambani mwaona kuti ndi masamba ati. Nayitrojeni, potaziyamu ndi maginiziyamu mbewu imatha kuzisamutsa kudzera mu phloem, kuzichotsa m'masamba akale kupita nazo ku atsopano. Ndiye zikaperewera, oyamba kudwala ndi masamba apansi. Ayironi ndi kashiamu sizisamuka choncho, zikafika pamalo zakhazikika. Zikasowa, odwala ndi masamba a kunsonga. Mtengo wa mandimu umene masamba ake atsopano ndi achikasu koma mitsempha ikadali yobiriwira, kawirikawiri vuto ndi ayironi, ndipo nthawi zambiri sikuti m'nthaka mulibe, koma mizu ikulephera kumutenga chifukwa cha madzi ochuluka kapena laimu wa zinyalala za simenti zimene omanga anakwirira.

Tomato wowola kumatako, banga lakuda lophwatalala lija, si matenda ofuna kupopera. Ndi kashiamu amene sanafike ku chipatso. Kashiamu amayenda ndi madzi a mu xylem, ndipo masamba amakoka madzi mwamphamvu kuposa chipatso. Mukathirira lero kwambiri n'kudumpha masiku anayi, chipatso chimamanidwa. Mankhwala ake ndi kuthirira mosadumphadumpha ndi kuphimbira.

Tetezani khungwa

Apa ndikufuna tikhalepo pang'ono, abale anga, chifukwa apa ndi pamene mitengo yambiri ya m'mayadi ikufera m'manja mwathu. Phloem ndi wopyapyala kwambiri ndipo ali kunja. Chingwe cha weed-eater chikamenya patsinde la kamtengo kakang'ono, chimachotsa kachikopa kochepa chabe. Sabata yamawa chimenyanso mbali ina. Pakutha pa dzinja bala lazungulira tsinde lonse.

Choopsa n'chakuti mtengowo suonetsa msanga. Xylem ali m'kati, sanakhudzidwe, madzi akukwerabe, masamba ali biriwiri. Koma shuga sakutsikanso. Amaunjikana pamwamba pa bala, n'chifukwa chake pamatupa, pamene mizu ili ndi njala. Imadya zimene inasunga mpaka zithe, kenako imafa, ndipo mtengo umauma patapita miyezi kapena chaka, aliyense atayiwala za weed-eater. Marcello Malpighi wa ku Italy anaona kutupa kumeneku kalekale m'zaka za m'ma 1600 atasenda khungwa mozungulira nthambi. Ifenso kumudzi timadziwa kuti mtengo wosendedwa mozungulira sukhalitsa. Ine ndinaonapo mzere wonse wa timitengo tatsopano pa yadi ina tikuuma limodzi, anthu n'kumanena kuti ndi chisanu. Nditagwada n'kukankha udzu ndi dzanja, tsinde lililonse linali ndi mphete yoyera, youma, yosalala, pamwamba pake potupa.

Chitani izi. Kuzungulira mtengo uliwonse waung'ono chotsani kapinga ndi manja kapena kakhasu, mupange bwalo lotalika theka la mita kuchokera patsinde, muphimbire. Udzu womera pafupi muzizula ndi dzanja. Ngati abwana akufuna kapinga afike patsinde, dulani kachidutswa ka payipi yapulasitiki yaikulu, kang'ambeni m'litali, kavekeni patsinde momasuka. Yenderani mitengo yonse imene inamangiriridwa ku zikhomo: waya, chingwe cha nayiloni, ngakhale kawaya ka chikwangwani cha ku nazale, zonsezi zimalowa m'khungwa mtengo ukamanenepa. Mangani ndi lamba wa chubu cha tayala, momasuka moti chala chilowe, ndipo mtengo ukaima wokha masulani. Chingwe choyanikira zovala pa mtengo wa mapichesi chimapha nthambi mwa njira yomweyi.

Bala likakhala la mbali imodzi, mtengo umatha kudzipoletsa kuchokera m'mphepete. Chotsani khungwa lolendewera ndi mpeni wakuthwa, musapakepo penti kapena oyilo. Ngati lazungulira lonse, uzani abwana zoona zake msanga kuti aganize zobzala wina.

Masamba ndiwo amadyetsa

Chilichonse chimene timakolola, kaya mbatata, kaya tomato, kaya chimanga, chinadzadzidwa ndi shuga wochokera m'masamba. Ernst Münch wa ku Germany anafotokoza mu 1930 kuti shuga akalowa mu phloem kumasamba amakoka madzi, mtsempha umafufuma, ndipo madzi a shugawo amakankhika kupita kumene shuga akuchotsedwa. Kumene kukudya kwambiri ndi kumene kumalandira zambiri.

Choncho pothyola kholowa kapena nkhwani, musamalize. Tengani pang'ono pa mbewu iliyonse, makamaka mbatata ikayamba kuika. Pa rape ndi mpiru yambani ndi masamba apansi, musiye anayi kapena asanu apamwamba. Pichesi ikabereka mothithikana, patulirani zipatso zikadali zazing'ono kuti zotsalazo zikule. Pa kapinga, musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake nthawi imodzi, chifukwa kapinga wometedwa mpala amayamba kudya nkhokwe ya m'mizu yake ndipo mizuyo imafupika. Maluwa okhala ndi anyezi pansi akatha kuphuka, asiyeni masamba mpaka achite chikasu okha, pakuti nthawi imeneyo ndi pamene akutsitsa chakudya cha chaka chamawa.

Mankhwala opha udzu a glyphosate amayendanso mu phloem. Ndiye poperani udzu uli wobiriwira ndipo ukukula, osati mutangoutchetcha, ndipo muusiye masiku angapo kuti mankhwala atsike ku mizu. Musapopere kuli mphepo, ndipo samalani ndi mphukira zomera patsinde la mtengo, chifukwa zimenezo zimalowetsa poizoni mu mtengo womwewo.

Tizilombo ta m'mitsempha

Mukaona masamba akunyezimira ndi kumata, nyerere zikukwera ndi kutsika, tembenuzani tsamba. Nsabwe za m'masamba zimabaya phloem n'kumamwa, ndipo shuga wotsala zimamutulutsa. Ndi amene amamata pa galimoto yoimikidwa pansi pa mtengo, ndipo pambuyo pake pamamera chuku chakuda chotchinga dzuwa. Zikadali zochepa, ziwombeni ndi madzi a mu payipi kapena poperani madzi a sopo wochepa madzulo, kunsi kwa masamba. Chepetsaninso LAN, chifukwa mphukira zofewa kwambiri ndi zimene zimaziitana.

Mdani wamkulu wa mitengo ya Johannesburg masiku ano amalowera njira inayo, ya xylem. Ndi kachilombo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kochokera kumwera chakum'mawa kwa Asia, kotalika mamilimita awiri okha. Kuno ku South Africa kanapezeka koyamba ku Pietermaritzburg mu 2017, ndipo pofika 2018 kanali katadziwika kale m'misewu ya Johannesburg. Kamaboola mpaka m'thabwa n'kubzalamo chuku cha mtundu wa Fusarium chimene iko kamadya. Chukucho, pamodzi ndi ngalande zimene kachilomboka kakumba, chimatseka xylem. Nthambi zimayamba kuuma kuchokera kunsonga ngakhale muthirire chotani. Mitengo ya box elder, London plane, oak ndi maple ndi imene yavutika kwambiri, ndipo mapeyala nawonso amagwidwa.

Kamodzi pamwezi zungulirani mitengo ya pa yadi, muyang'ane thunthu ndi nthambi zikuluzikulu chapafupi. Fufuzani timabowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, mabanga onyowa kapena akuda pa khungwa, utuchi wosalala, utomoni wotuluka, kapena ufa woyera wozungulira bowo pa mtengo wa peyala. Mukapeza, jambulani ndi foni muwaonetse abwana. Ngati mtengowo ndi wa mumsewu, ndi wa khonsolo, musaudule nokha, auzidwe a Johannesburg City Parks and Zoo. Sowo ndi sizasi zimene mwadulira mtengo wodwala zipukuteni ndi jiki wosungunula kapena spirit musanakhudze mtengo wina.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, achimwene, ngakhale ndikudziwa mmene Juni amazizirira m'zipinda zathu ndi mmene magetsi akwerera mtengo. Nkhuni za mtengo wogwidwa musazikweze pa bakkie kupita nazo kumene mukukhala, ndipo musazigulitse. Tizilomboti timakhalabe ndi moyo m'chipika chodulidwa, ndipo njira yaikulu imene tikufalikira kuchoka dera lina kupita lina ndi nkhuni zomwezo. Zipikazo zidulidwe zing'onozing'ono pa yadi pomwepo, zikutidwe ndi pulasitiki wochindikala woonekera m'kati, m'mbali mukwiriridwe ndi dothi kuti pasakhale potulukira, ndipo zikhale padzuwa kwa miyezi, yochulukirapo ikakhala nyengo yozizira.